Mbiri yogula inamulanda sukulu

Mnyamata wina wa ku Kasungu anakhoza bwino mayeso a MSCE, koma kwawo kunalibe ndalama ya fizi. Atamva kuti kuli masikolashipu a digiri yoyamba opatsidwa kwa achinyamata omenyera chilungamo m'madera awo, mtima unagunda. Fomu yake inali ndi funso limodzi lalikulu: wachitapo chiyani pothandiza anthu oponderezedwa kwanuko?

Yankho anali nalo. Kwa zaka ziwiri, madzulo aliwonse, ankasonkhanitsa ana a matenanti a pa esiteti ya fodya, ana omwe nthawi yothyola ndi yosoka fodya sukulu amangoionera patali. Ankawaphunzitsa kuwerenga pansi pa chigafa. Anapitanso kwa ahedi kukapempha kuti ana ojomba asawafufute m'kaundula, ndipo ena anabwereradi m'kalasi. Koma iye ankaona ngati zimenezi n'zachabe, zosayenera kuzitchula pamaso pa anthu ophunzira.

Choncho anapita pa boma kwa bambo wina wolembera anthu mafomu pa kompyuta. Bamboyo atamva za chigafa anaseka. "Mphwanga, za ana a matenantizo sizigula. Ndisiyire ine." Makolo anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire. Pepala linatuluka lokongola, Chingerezi chake chosalala. Linkati mnyamatayu anayambitsa bungwe lopulumutsa atsikana ku maukwati a ana, ndiponso kuti anagwirapo ntchito limodzi ndi Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, mfumu yomwe inatchuka pothetsa maukwati oterowo. Ku Dedza mwana uyu anali asanapondeko.

Pepalalo linamufikitsa pa intavyu ya pa intaneti. Mayi wofunsa anayamba modekha. Bungwe lanu limakumana kuti? Mtsikana akachoka pa banja, fizi amamulipirira ndani? Malamulo aakulu a dziko lanu atasinthidwa mu 2017, zaka zolowera m'banja kukhala 18, ntchito yanu inasintha bwanji? Mnyamata anangoti kukamwa yasa. Atamupempha nambala ya mfumu kapena mphunzitsi woti amuchitire umboni, analibe woti n'kumutchula. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mwayi unapita, mbuzi zinapita, ndipo nkhani ya ana a pa esiteti, yomwe akanailongosola mpaka dzuwa kulowa osaphonya dzina la mwana ndi mmodzi yemwe, sinamveke n'komwe.

Wachinyamata iwe, mvetsa chimene opereka thandizoli amafuna. Mwachitsanzo, pulogalamu ya Mastercard Foundation Scholars, yomwe inayamba mu 2012, imaphunzitsa achinyamata a mu Africa m'mayunivesite monga Makerere ku Uganda, Ashesi ku Ghana ndi Pretoria ku South Africa. Imayang'ana magiredi, umphawi wa pakhomo, komanso mtima wobwerera kukatumikira kwanu. Fomu umatumiza wekha ku yunivesite yomwe ili m'pulogalamuyo, popanda mkhalapakati. Osankhawo awerenga mapepala ambirimbiri, ndipo mawu ogula amawazindikira msanga chifukwa amafanana onse: mabungwe a mayina aatali, ziwerengero zonenepa, koma mopanda nkhope ya munthu.

Chimene sangachikayikire ndi ntchito yoti wina akhoza kuiloza ndi chala. Ngati unaperekeza agogo olandidwa munda ku bwalo la amfumu, lemba zimenezo. Ngati unkakankha njinga ya mnzako wolumala kupita kusukulu mpaka komiti inakonza polowera m'kalasi, lemba zimenezo, ndi zomwe zinakanika zomwe. Pempha ahedi, abusa, shehe kapena anyakwawa kuti akulembere kalata ya zimene anaona ndi maso awo. Mphunzitsi akhoza kukukonzera galamala, koma nkhani ikhale yako.

Ndipo ngati sunachitepo kanthu, usathamangire fomu chaka chino. Yamba wapita kukathandiza anthuwo. Kupempha sukulu m'dzina la osauka omwe sunawatumikirepo n'kuwaberanso kachiwiri.