Mawanga Oyera a Pakhungu ndi Mankhwala a Nyali

Pali nthenda ina imene isandutsa khungu kukhala loyera mbee m'malo ena, makamaka kumaso, m'zala, m'zigongono ndi m'maondo. Madotolo aitcha vitiligo. Ipezeka m'mitundu yonse ya anthu, pafupifupi munthu 1 pa anthu 100 alionse, ndipo ambiri iwayamba asanakwane zaka 30. Siipweteka ndipo siipha, koma pakhungu lakuda ioneka msanga, kotero kuti chimene chisautsa mwini wake ndi maso a anthu.

Kumidzi ambiri akaona mawangawo aganiza za khate. Tsono mwana aleka sukulu chifukwa anzake akana kukhala naye pa benchi imodzi, ndipo mayi apatsidwa mbale yakeyake. Uku ndi kulakwa. Banga la khate kawirikawiri likhala lakufa: munthu akatsinzina, wina n'kumukhudza pamenepo ndi thonje, iye samva kanthu. Banga la vitiligo limva bwino lomwe monga khungu lina lonse. Ngakhale zili tero, woweruza ndi dotolo, pakuti ngati lili khate mankhwala ake alipo aulere ndipo achiza. Vitiligo siipatsirana pogwirana chanza, podyera pamodzi kapena pogona mphasa imodzi. Isiyananso ndi chialubino, chimene munthu abadwa nacho.

Chiyambi chake ndi ichi. M'khungu muli tizigawo tating'ono topanga utoto wotchedwa melanin, umene udetsa khungu ndi kuliteteza ku dzuwa. Chitetezo cha thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chisokonezeka n'kuyamba kuononga tizigawo timeneti. Nthawi zina nthendayi iyenda m'banja, ndipo kwa ena idza pamodzi ndi nthenda ya chithokomiro.

Kuchiza ndi kuwala si nzeru yatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 dotolo wa ku Cairo, El Mofty, ankapatsa odwala mankhwala ochokera ku chomera cha Ammi majus ndi kuwaika padzuwa. M'chaka cha 1997 madotolo a ku Amsterdam anaonetsa kuti nyali za mtundu wa narrowband UVB zithandiza popanda mankhwala akumwawo, ndipo njira imeneyi ndiyo yafala tsopano. Makina ake ndi a mtengo wapatali, sapezeka pa chipatala chilichonse. Wodwala aima pamaso pa nyalizo kawiri kapena katatu pa mlungu, masiku osatsatana. Poyamba akhala kamphindi chabe, ndipo nthawi iwonjezedwa pang'onopang'ono monga khungu lilola.

Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, chifukwa khungu lopanda utoto lipsa msanga. Wodwala apite atasamba, osadzola zonunkhira, mafuta okhuthala kapena mafuta oteteza ku dzuwa, pakuti ena atchinga kuwala ndipo ena apsereza. Avale magalasi amene apatsidwa kuti maso asaonongeke, ndipo mwamuna aphimbe kumaliseche. Malo amene aphimba tsiku loyamba aziphimba chimodzimodzi masiku onse. Akasintha chovala, kapena akameta tsitsi mwadzidzidzi, khungu losazolowera lilandira kuwala kwakukulu n'kupsa. Auze dotolo za mankhwala onse amene akumwa, ngakhale azitsamba, popeza ena, monga doxycycline, achititsa khungu kupsa msanga. Madzi a mandimu atero nawonso akatsala pakhungu.

Akatuluka adzole mafuta wamba opanda fungo, chifukwa nyalizo ziumitsa khungu ndi kuyabwitsa. Kufiira pang'ono kumene kutha tsiku lisanapite sikuopsa. Koma khungu likapweteka, likatupa kapena likachita matuza, anene msanga asanalowenso. Kumunda ndi paulendo avale chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, ndipo ntchito yapadzuwa aigwire m'mawa kapena madzulo. Ena aganiza kuti dzuwa la masana lingalowe m'malo mwa nyali, popeza ndi laulere. Dzuwa liribe muyeso, ndipo kupsa nalo kungabale mawanga ena.

Mawanga atsopano akonda kutuluka pamene khungu lavulala, pa chilonda, pa chipsera cha moto, ngakhale pamene lamba akhuza. Chifukwa chake kutema mphini pabanga kapena kulikwecha ndi mwala kuwonjezera nthenda imene munthu afuna kuchotsa.

Ambiri ataya mtima msanga, makamaka amene ulendo wa ku chipatala uwadyera ndalama ndi masiku a kumunda. Kunena zoona, mankhwala a nyali achedwa. Papita miyezi 3 kufikira 6 dotolo asanadziwe ngati akugwira ntchito, ndipo ena apitiriza chaka chathunthu kapena kuposa. Kudumpha masiku kubweza ntchito m'mbuyo, pakuti dotolo ayenera kuchepetsanso muyeso. Chizindikiro choyamba ndi timadontho takuda totuluka m'kati mwa banga, patsinde pa ubweya, pamene tizigawo topanga utoto tinabisala. Timadonthoto tikula mpaka tikumana. Kumaso ndi m'khosi utoto ubwerera bwino. M'nsonga za zala, m'mapazi ndi m'milomo ubwerera movuta, mwina osabwerera konse, ndipo kwa ena mawanga ayambanso mankhwala atatha, kotero kuti afunika kukaonananso ndi dotolo.