PHUNZIRO LA SABATA INO: Penshoni ndi Amana, Si Thumba Lodzutsira Ndege Yakugwa



Ife a kwa Chitukula ndege si yachilendo. Zonyamuka ndi zotera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi timaziona tili kumunda, ngakhale ambiri a ife sitinapondemo phazi. Holide yapitayi ndinali pakhonde ndi amalume anga, mphunzitsi wa pulayimale, ndipo anatulutsa pepala lawo la malipiro. Analoza pamzere wa penshoni n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, paja uli ku yunivesite. Ndalama amandidulazi zimakagona kuti?"

Ndinati amazilowetsa m'mabizinesi kuti zichuluke.

"Bizinesi yake iti? Nanga ine anandifunsa ndani?"

Apa ndinangoti kukamwa yasa. Phunziro la leroli ndi yankho lomwe ndinalephera kupereka tsiku limenelo.

1. Kodi penshoni ndi ndalama za ndani?

Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro a wantchito kuthumba la penshoni, wantchitoyo n'kumaika 5 peresenti. Kuyambira mu 2017, ogwira ntchito m'boma achinyamata nawonso anayamba kusonkha, ndipo ndalama zawo zimasungidwa ndi Public Service Pension Trust Fund.

Gwirani mfundo iyi: penshoni si mphatso ya boma, komanso si msonkho. Ndi malipiro a thukuta lomwe munthu anakhetsa kale, kungoti adzawalandira mawondo atafooka. Woisungayo si mwini wake. Wangosungitsidwa basi.

2. Zomwe zinachitika ku South Africa

Kampani ya ndege ya boma la dzikolo, South African Airways, inapanga phindu komaliza mu 2011, kenako inayamba kuluza chaka ndi chaka. Pofika mu 2017 mabanki ena omwe anaikongoza anakana kuionjezera nthawi yobwezera, moti boma linachita kutapa m'thumba la misonkho kulipira ngongole za ku Standard Chartered ndi Citibank.

Apa maso anatembenukira ku Public Investment Corporation, bungwe la boma lomwe limayendetsa ndalama za Government Employees Pension Fund. Ili ndi thumba la penshoni lalikulu kuposa onse mu Africa, la aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena opitirira 1.2 miliyoni. Kampani ya ndege ija inapempha ngongole ya R6 biliyoni kumeneko. Mkulu wa bungweli panthawiyo, a Dan Matjila, anakana ponena kuti pempholo silinakwaniritse zofunika kuti ndalama zilowetsedwemo. Nkhani itamveka kuti ndalama za penshoni zikufunidwa kuti zipulumutse makampani a boma, mabungwe a ogwira ntchito monga Fedusa anakwiya kwambiri, mpaka kuopseza kuti achotsa ndalama za mamembala awo.

Onani zomwe zinatsatira. Mu Disembala 2019 kampani ija inalephereratu kudziyendetsa ndipo inaikidwa m'manja mwa akatswiri opulumutsa makampani akugwa. Anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Mu 2020 boma linapatulanso R10.5 biliyoni, ndipo ndege zake zinadzayambiranso kuuluka mu Seputembala 2021. Tangoganizani, zikanakhala kuti R6 biliyoni ya aphunzitsi ija inalowa m'menemo mu 2017, ikanatuluka liti?

3. N'chifukwa chiyani antchito anakwiya?

Choyamba, opempha ndi opereka onse si eni ndalama. Mwini wake ali m'kalasi ndi choko, ndipo amamva nkhaniyo pawailesi ngati wina aliyense.

Chachiwiri, ngati banki, yomwe ntchito yake ndi kukongoza, yathawa, ndiye kuti yaona chinachake. Nanga bwanji chiopsezo chomwe banki yakana achisenzetse namwino?

Chachitatu, wokwera ndege ndi wolipira ndege ndi anthu awiri osiyana. Ngakhale abale athu ambiri opita ku Joni amadzera pa Dedza kapena pa Mwanza, kudutsa Tete mpaka Beitbridge, pa basi. Zimawawa kuti ukalamba wako ukhale chikole cha mpando womwe sudzakhalapo.

Komabe tisakhale a mbali imodzi. Ndege imabweretsa alendo, imanyamula katundu, imalemba anthu ntchito. Ndiponso ndalama za penshoni sizingangokhala m'bokosi. Tonse tikukumbuka Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: ndalama yongogona imasungunuka ngati mchere m'madzi. Choncho nkhani si yakuti zisalowe m'bizinesi ayi. Nkhani ndi yakuti kuchulukitsa ndi kupulumutsa ndi zinthu ziwiri. Wochulukitsa amafunsa kuti, "Mwini ndalama apindula chiyani?" Wopulumutsa amafunsa kuti, "Kampaniyi ifika bwanji mwezi wamawa?"

4. Zomwe tinaphunzira ku madrasa

Ambirife tinamva mawu akuti amana tili aang'ono, titakhala pamkeka. Surah An-Nisa, ndime 58, imatilamula kubweza zosungitsidwa kwa eni ake. M'maphunziro a fiqh tinauzidwanso za woyang'anira chuma cha mwana wamasiye: amaloledwa kuchichitira malonda kuti chisathe, koma pokhapokha ngati malondawo ali opindulira mwanayo. Saloledwa kuchitenga n'kukatsekera dzenje la bizinesi yake, ngakhale atalumbira kuti adzabweza. Zimanenedwa kuti Umar ibn al-Khattab, Allah asangalale naye, ankadziona ngati woyang'anira wotereyu pa chuma cha boma.

Wopuma pantchito wa mawa akufanana ndi mwana wamasiye uja pa chinthu chimodzi: pamene chuma chake chikukambidwa, iye palibe.

Kumbukiraninso mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye. Popempha kuyang'anira nkhokwe za ku Iguputo anatchula zinthu ziwiri, kusunga mokhulupirika ndi kudziwa ntchitoyo. Wokhulupirika koma wosadziwa malonda amataya chuma mosafuna. Wodziwa koma wosakhulupirika amachitaya mochenjera. Thumba la penshoni limafuna zonse ziwiri. Nkhani ya riba m'malo ena omwe ndalamazi zimaikidwa ndi phunziro lapalokha, tidzalitenga tsiku lina, insha Allah.

5. Nanga kuno kwathu?

Tisaganize kuti izi ndi za ku Joni kokha. Air Malawi inatsekedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole. Yomwe inalowa m'malo mwake, Malawi Airlines, momwe boma lili ndi magawo 51 peresenti ndipo Ethiopian Airlines 49, inayamba kuuluka mu 2014, koma mu 2021 bodi yake inalengeza kuti ngongole zaposa chuma chake. Kampani ya boma ikamatsomphoka chonchi, thumba lililonse lonenepa limayamba kuyang'anidwa.

Ndipo funso la amalume lija lafika kale pakhomo, ngakhale silinabwere pa ndege. Public Service Pension Trust Fund itagula hotela ya Amaryllis ku Blantyre pa K128.7 biliyoni, pamene m'mbuyomo mtengo womwe unkatchulidwa unali K47 biliyoni, anthu anadandaula mpaka komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chuma cha boma inaitanitsa okhudzidwa kuti afotokoze.

Pali kusiyana kumodzi komwe kuyenera kutidzutsa. Ku South Africa, thumba lija limalonjeza wantchito penshoni yowerengedwa potengera malipiro ndi zaka zomwe wagwira, ndipo likaperewera boma limayenera kuthirapo. M'ndondomeko zosonkha ngati zathuzi, chomwe udzalandire ndi chomwe chinasonkhedwa kuphatikiza phindu lake. Bizinesi ikalephera, chochepa ndi mbale yako.

6. Tichite chiyani?

Mkwiyo wa wantchito ndi womveka, koma mkwiyo wothera pa WhatsApp subweza tambala. Ngati muli pantchito, kapena makolo anu ali pantchito:

• Funsani sitetimenti ya penshoni chaka chilichonse, ndipo muiwerenge.
• Tsimikizani kuti zomwe akukudulani zikufikadi kuthumba. Ngati sizikufika, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira za penshoni.
• Lembetsani mayina a odzalandira ndalamazo mukadzamwalira.
• Dziwani omwe akukuimirani m'bodi ya thumbalo, ndipo muziwafunsa komwe ndalama zaikidwa.

Pomaliza, tidziyang'ane tokha. Ena mwa ife ndi asungichuma a komiti ya mzikiti, a banki m'khonde, ngakhale a gulu lathu lomweli. Tsiku lomwe munatapa ndalama za gulu kuti mudzutsire geni yanu, n'kumati "ndibweza pakutha pa mwezi", munachita zomwezija, kungoti ndege yanu inali yaing'ono.

Amalume ndawalonjeza kuti holide ikubwerayi tidzakhala pansi ndi sitetimenti yawo, mzere ndi mzere.

Funso lokambirana: kodi inu kapena kholo lanu munaionapo sitetimenti ya penshoni? Ngati ayi, chakulepheretsani n'chiyani?

Allah atipange kukhala osunga amana, ndipo atiteteze ku kudya thukuta la anzathu. Ameen.