Ndili ku Joni koma Joni sindikumudziwa

Malume,

Ndine mnyamata wa zaka 28 wa ku Bangwe. Ndinabwera kuno ku Johannesburg pa kontirakiti ya zaka ziwiri, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Chaka chatha, koma chimene ndikudziwa ndi msewu wa kuntchito basi. Ndimagwira Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu ndimachapa, kugona, kwatha. Ndalama ndimatumiza kwa mayi chifukwa tikumanga nyumba. Anzanga akandiitana kokayenda ndimakana, ndimaona ngati ndikudya simenti ya mayi. Koma masiku ano mtima ukulemera, tulo sindikupeza. Ndikulakwitsa pati?

Wotopa, Johannesburg

Mphwanga Wotopa,

Mawu akuti "simenti ya mayi" andikhudza. Nyumba zambiri za malata ku Bangwe, Ndirande ndi Machinjiri zinaima ndi thukuta la ku Joni, ndipo mwana wokumbuka kwawo ngati iwe ndimamuvulira chipewa. Koma dziwa kuti nyumbayo maziko ake ndi thupi lako. Ukagwa lero, njerwa zithera pawindo. Kusowa tuloko ndi thupi likukuchenjeza.

Chita chonchi. Tsiku la malipiro, usanatumize kalikonse kumudzi, patula kandalama kochepa kokwanira thiransipoti, polowera ndi chakudya cha tsiku limodzi lokayenda. Tsiku limodzi pamwezi, osati Lamulungu lililonse. Zochapa umalize Loweruka madzulo. Ndipo mayi uwauze poyera. Sindikukhulupirira kuti mayi amene anakubereka angasankhe thumba la simenti kusiya mwana.

Poyambira ndikusankhira ndine: pita ku Newtown, pakati pa mzindawo, ukaone Workers' Museum. Inali komponi yogonamo antchito akuda ochokera kutali, yomangidwa mu 1913, ndipo malo ogona a konkire aja adakalipo. Ukaime m'chipindamo mwakachetechete. Azigogo athu amene ankapita ndi Wenela kukakumba golide ankagona m'makomponi a mtundu womwewo, amuna okhaokha, kuwerenga miyezi kuti kontirakiti ithe liti. Ena sanabwerere, n'kukhala matchona. Ena anali paulendo wobwerera kwawo pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu April 1974, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Azigogowo analibe ufulu woyenda m'misewu ya mzinda umene anaumanga, chifukwa cha malamulo a ziphaso. Iwe ufuluwo uli nawo, koma wadzitsekera wekha m'komponi. Zimenezi zikundipweteka.

Mwezi wotsatira kwera takisi ya ku Soweto. Ku Orlando West kuli msewu wa Vilakazi, kumene kuli nyumba imene Nelson Mandela ankakhala, ndipo chapafupi pali Hector Pieterson Museum, yokumbukira ana asukulu amene apolisi anawombera pa 16 June 1976. Ukatero ufufuzenso dzina la Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mmalawi si mlendo m'mbiri ya dziko limenelo. Funsiratu masiku ndi nthawi imene malowa amatsegula, kuti usataye thiransipoti pachabe.

Matenda osayendawa, kunena zoona, timachoka nawo kwathu konkuno. Ndi angati a ku Bangwe amene amadutsa pa Chichiri tsiku ndi tsiku pa minibasi, koma sanalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ija? Tinakula tikumva kuti kuyenda wopanda chokagula ndi uchitsiru.

Za anzakowo sunandiuze kuti amapita kuti. Ngati "kokayenda" ndi kumowa mpaka mbandakucha, pitiriza kukana. Kumeneko ndiye kumathera simenti, ndipo Lolemba dzanja logwira chowotcherera limanjenjemera. Koma ngati ndi kumpira, kutchalitchi kumene Amalawi amasonkhana, kapena kophika nsima ndi usipa wochokera kumudzi, pita. Munthu amafunika kuseka m'chinenero chake.

Yenda mwanzeru. Zipolowe zothamangitsa anthu obwera za mu 2008 ndi 2015 zinavulaza Amalawi ambiri, ndipo mabasi anachita kuwabweza kumudzi. Mapepala ako akhale olongosoka ndipo uziyenda nawo. Muziyenda awiri, masana, foni ili m'thumba, ndipo dzuwa lisanalowe ukhale utafika kuchipinda. Kukamveka mphekesera za chipolowe, ulendo ulekeke.

Ukayesa zonsezi kwa miyezi iwiri tulo n'kumavutabe, kapena mtima n'kumalemerabe, pita kuchipatala ukawafotokozere monga wandifotokozera ine. Usachite manyazi. Ndipo ukabwerako ku Newtown, undilembere zimene waona m'chipinda chija.

Ndine malume ako.