MPHUNZITSI WAMKULU AYESEDWA TSIKU LIMENE PALIBE

Tsiku lina mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwanu adzanyamuka kunka ku Boma ku Chipata, kukatenga mabuku kapena kukaonana ndi akulu a maphunziro. Inu makolo, pitani ku sukulu tsiku lomwelo, mukaime pansi pa mtengo ndi kupenyetsetsa. Kodi belu lalira pa nthawi yace? Kodi aphunzitsi ali m'zipinda zao, kapena ali kuothera dzuwa kuseri, ana ali kucita phokoso? Cimene mudzaona cidzakuuzani utsogoleri umene uli pamenepo.

Atsogoleri a masukulu, kuyambira sukulu ya kumudzi kufikira yunivesite, ali a mitundu itatu.

Woyamba ndiye wolamula yekha. Makiyi onse ali m'thumba mwace, buku la ndalama aliona yekha, ndipo pa msonkhano wa aphunzitsi mau ace ndiwo oyamba ndi otsiriza. Aphunzitsi amuopa, koma samkhulupirira. Cifukwa cace akalakwa abisa, ndipo colakwaco cikula mumdima.

Waciwiri ndiye wolekerera. Safuna kudana ndi munthu, tsono wocedwa ndi wofika m'mawa awayesa amodzi. Posacedwa wakhama uja afooka, poona kuti thukuta lace palibe alisamala.

Wacitatu ndiye wofunsa anzace. Ayala nkhani poyera, amva maganizo a onse, ngakhale a mphunzitsi wamng'ono wofika dzulo, ndipo pamenepo agamula. Agawa nchito, napatsa munthu mphamvu yoicitira. Akumbuka kuti mutu umodzi susenza denga.

Mitundu imeneyi inayesedwa ku Iowa, m'dziko la Amerika, ndi Kurt Lewin ndi anzace awiri, Ronald Lippitt ndi Ralph White, amene analemba zimene anapeza m'caka ca 1939. Anaika anyamata a zaka ngati 10 m'timagulu togwira nchito zamanja, kagulu kali konse ndi mtsogoleri wace. A wolamula yekha anagwira kwambiri iye ali pomwepo, koma atangoturuka panja manja ao analefuka. A wolekerera anacita zocepa. A wofunsa uja sanaleke nchito, angakhale mtsogoleri anacoka, pakuti anaiyesa yao.

Mbiri ya kwathu kuno itiphunzitsa comweco. Amisyoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, m'caka ca 1899. Anatsegula masukulu m'midzi, ndipo m'caka ca 1905 anayamba kuphunzitsa osaona ku Magwero komweko. Nchito yaikuru ya m'midzi inali m'manja mwa aphunzitsi a kuno, amene anakhala okha kutali, mmisyoni nafika mwa kamodzikamodzi kudzayendera. Koma mphamvu yolamula inacedwa kufika m'manja mwao. Zinapita zaka 30 kufikira m'caka ca 1929, pamene Justo Mwale anadzozedwa ku Madzimoyo kukhala mbusa woyamba mwa ana a dziko lino mu mpingo umenewo. Zinapitanso zina 37 kufikira Umwini wa 1966, pamene misyoni inapereka nchito ndi katundu m'manja mwa mpingo. Tsiku limenelo linafanana ndi kuturuka kwa mtsogoleri m'cipinda. Ndipo amene anasenza katundu ndiwo omwe anapatsidwa udindo kale. Sukulu ya ubusa imene inali ku Madzimoyo inasamukira ku Lusaka, ndipo lero ndi yunivesite yodziwika ndi dzina la Justo Mwale.

Tsono inu aphunzitsi akulu, kukhulupirirana sikumera ndi lamulo. Kulimidwa monga munda. Sungani zinai izi:

1. Cimene mwalonjeza citani. Mukalephera, nenani cifukwa cace.
2. Buku la ndalama litsegulidwe pamaso pa aphunzitsi ndi komiti ya makolo.
3. Wolakwa mdzudzuleni kumbali, wocita bwino myamikeni pagulu. Ndipo mbale wanu ndi mlendo muwayese ndi muyeso umodzi.
4. Oyendera masukulu akapeza colakwa, musaloze cala wamng'ono kuti mupulumuke. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndipo inu makolo ndi akulu a mpingo, musayamike sukulu cifukwa ca bata lokha, pakuti mantha nawonso adzetsa bata. Pamene aphunzitsi sakhulupirira mkulu wao, abwino apempha kusamuka, ndipo otayika ndiwo ana anu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi pa sukulu yanu, mphunzitsi wamkulu akacoka, makiyi atsala ndi yani?
2. Kodi komiti yanu inaona liti buku la ndalama?
3. Inu amene mutsogolera ena, kunyumba, kumunda kapena mu mpingo: ndani amene muli kumkonzera kugwira nchito yanu tsiku limene mudzakhala palibe?