GPS imasokonezeka dzuwa likalowa

Funso: Ndimayendetsa alendo oona nyama ku Nsefu madzulo. Kukangoda, GPS yanga imaloza kwina. Kodi yafa?

Yankho: Mwina ayi, bambo. Makilomita pafupifupi 300 kumwamba kuli mpweya wokhala ndi mphamvu yamagetsi. Dzuwa likalowa, mpweyawu umachita mabowo, ndipo uthenga wa setilaiti umafika modukizadukiza. Radar ya ku Jicamarca, ku Peru, imawaona mabowowa poponya mafunde m'mwamba n'kumvetsera obwerera. Vutoli limakula cha mu Malichi ndi Okutobala, usiku usanafike pakati.

Sungani malo ofunika mu GPS masana. Imani pamtetete, chifukwa nthawi zina olakwa ndi masamba a mitengo. Yatsani masetilaiti ena, a Galileo ndi GLONASS, ngati alimo mu GPS yanu. Ikamasokonezekanso masana pamtetete, pitani nayo kwa okonza.