Za Kuoloka Malire: Pamsewu ndi Pandege

Kuyambira 1953 kufikira 1963, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anali pansi pa boma limodzi la chitaganya. Mu 1964 maiko awiriwa analandira ufulu, Malawi pa 6 July ndi Zambia pa 24 October. Fort Jameson atchedwa tsopano Chipata, ndipo Fort Manning atchedwa Mchinji. Abale akali tsidya lino ndi tsidya lija, koma wakupita ku maliro kapena ku ukwati ayenera kudziwa zikalata zofunika pa njira imene wasankha, kuti angabwezedwe ulendo uli pakati.

Choyamba, njira ya pamsewu. Wochokera ku Chipata aolokera pa Mwami. Mu December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera anatsegula pamenepo malo amodzi ogwirira ntchito akuluakulu a maiko onse awiri, kotero kuti waulendo aima kamodzi kokha. Mzika ya Zambia siifuna viza polowa m'Malawi, koma iyenera kuonetsa pasipoti ndi kudindidwa chidindo. Anthu okhala pafupi ndi malire akhoza kupempha chiphaso cha pamalire, chimene chiwalola kucheza masiku ochepa m'dera lapafupi. Wopita ndi galimoto atenge makalata a galimotoyo ndi inshuwalansi yogwira ntchito tsidya linalo. Wamalonda aonetse katundu wake kwa a kasitomu.

Chachiwiri, njira ya pandege. Wofuna kuuluka kupita ku Lilongwe akwerera ku Lusaka, pa bwalo la Kenneth Kaunda, nakatsikira pa bwalo la Kamuzu. Apa chiphaso cha pamalire chilibe ntchito. Pafunika pasipoti, ndipo maiko ambiri afuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 isanathe mphamvu. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti. Eni ndege ayang'ana zikalata munthu asanakwere, pakuti akanyamula wopanda zikalata, iwo ndiwo alipitsidwa ndi kumbwezera kumene anachokera.

Kusiyana kwake ndi uku: wobwezedwa pa Mwami abwerera kwao tsiku lomwelo nakonza cholakwacho, koma wokanizidwa pa bwalo la ndege akhoza kutaya ndalama za tikiti ndi za ulendo wautali wa ku Lusaka.

Alipo ena amene alambalala chipata nadzera njira za kuthengo, poti minda ya abale ao ili pafupi. Wotereyu alibe chidindo cholowera; akapezedwa akhoza kumangidwa, kulipitsidwa ndi kubwezedwa. Fulumira anadya zosapsa.

Chifukwa chake waulendo atsegule pasipoti yake kukali nthawi, aone tsiku lakutha kwake, nakonzerenso ana zikalata zao, pakuti mwana nayenso afunsidwa pamalire.