Malo a Kumudzi Ali ndi Eni Ake: Phunziro la Kucheza, Kukhala ndi Kugula Malo ku Chonde

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Amayi anzathu, ambiri mwa ife amene takhala m'tauni zaka zambiri timalota chinthu chimodzi: tikadzapuma pa ntchito tidzapeze kamalo kumudzi, timangepo kanyumba, tizilima chimanga ndi nandolo, za lendi ndi ufa wa wokumani tiiwale. Ena mwa ife tili kumudzi komweko, ndipo anthu akubwera ndi ndalama m'manja kudzafunsa minda yathu. Phunziroli ndi la magulu onse awiri. Titenga chitsanzo cha Chonde m'boma la Mulanje, koma zimene tikambirane zikukhudzanso Thyolo, Phalombe, Chiradzulu ndi madera ena a chikamwini. Mfundo yaikulu ndi imodzi: munda wa kumudzi sukhala wa munthu mmodzi, choncho amene wapangana ndi munthu mmodzi yekha kawirikawiri amagula mlandu.

1. CHONDE NDI KOTANI?

Chonde ali pamsewu wa tala wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza, kupita ku Mulanje boma mpaka kuchipata cha Muloza. Mukapitirira Luchenza pang'ono, mwafika. Pali msika, sukulu ndi chipatala chaching'ono, ndipo kunja kukayera phiri la Mulanje limaoneka bwino, lija la nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi.

Chimene chinatchukitsa Chonde ndi Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene anayambitsa malemu Bingu wa Mutharika mu 2007. Likulu lake lili pomwepo, ndipo kuyambira 2008 anthu miyandamiyanda akhala akusonkhanapo mwezi wa Okutobala kudzaonera tchopa ndi magule ena, komanso kudzalawa kalongonda. Alendo ambiri amayamba kusirira malo pa tsiku limeneli. Koma tikumbukire kuti Okutobala ndi chilimwe: dothi limakhala louma, njira zonse zimapitika, ndipo dambo limaoneka ngati mtunda. Wokonda malo pa chikondwerero abwerenso mu Febuluwale mvula ili mkati.

2. N'CHIFUKWA CHIYANI MALO NDI OSOWA?

M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linapereka zikalata za umwini wa malo aakulu kwa azungu m'madera a Thyolo ndi Mulanje, ndipo tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha mu 1891. Nthawi yomweyo mpaka m'ma 1930, Alhomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique. Ambiri anakhala m'maesiteti pogwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, imene inathetsedwa mu 1962. Thangata anatha, koma minda ya tiyi ilipobe, ndipo anthu akuchulukirachulukira pa malo amene anatsala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje.

Kusowa kwa malo kunafika poti kuyambira 2004 mpaka 2011 boma linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inathandiza mabanja oposa 15,000 kupeza minda. Ena mwa mabanjawa anasamuka ku Mulanje ndi Thyolo kupita ku Machinga ndi Mangochi. Taganizani, amayi: ngati mbadwa zinasiya manda a makolo awo chifukwa chosowa polima, ndiye kuti kamunda kalikonse kamene akutionetsa kali ndi anthu amene akukadalira. Tikamva kuti "malo awa angokhala", tifunse kawiri.

3. MUNDA NDI WA YANI?

Kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao a kuno, ukwati wachizolowezi ndi wa chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo munda umene amalima ndi wa mbumba ya mkazi wake. Mundawo umachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Mwinimbumba, amene amakhala mlongo wa amayiwo, malume a ana, ndi woyang'anira ndi wolankhulira banja, koma alibe mphamvu yotaya munda payekha.

Tiyerekeze motere. Mayi wapuma pa uphunzitsi ndipo walandira ndalama zake. Dobadoba wina wamutengera kwa bambo amene wakhala akulima munda zaka makumi awiri. Aliyense pamudzipo amauti munda wa bambo uje. Mayiyo walipira, waumba njerwa, wayamba maziko. Pamaliro otsatira abale onse asonkhana, ndipo achemwali a mkazi wa bamboyo, wina wochokera ku Blantyre, wina ku Johannesburg, afunsa kuti akumanga m'munda wa amayi awo ndani. Bamboyo anali mkamwini chabe. Ndalama anadya kale, ndipo mayi uja watsala ndi kapepala ndi njerwa.

Si wogulitsa aliyense amene ali wachinyengo. Ena amachita izi chifukwa cha matenda, ngongole ya katapila, kapena mwana amene akufuna pasipoti ndi ndalama ya ulendo wa ku Joni. Koma zifukwa zikhale zomvetsa chisoni bwanji, ngati amayi a m'mbumbamo sanavomereze, malondawo ali pa mchenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

4. LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act. Lamulo lachiwirili, lokhudza malo a makolo, linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo onse awiri anakonzedwanso mu 2022. Nazi mfundo zimene mayi aliyense ayenera kudziwa.

Choyamba, lamulo linakhazikitsa komiti ya malo m'dera la gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu, ndipo pali anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'deralo. Mwa iwowa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Mipando imeneyi ndi yathu, tisaisiye yopanda anthu.

Chachiwiri, munthu, banja kapena gulu angathe kulembetsa malo awo a makolo ndi kulandira chiphaso cha umwini. Ntchitoyi inayesedwa koyamba m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Dzina la mayi lingathe kulembedwa palokha kapena pamodzi ndi la mwamuna wake.

Chachitatu, malo a makolo sagulitsidwa ngati mbuzi pamsika. Kwa zaka zambiri makhoti athu akhala akunena kuti mfumu imasunga ndi kugawa malo m'malo mwa anthu ake, si mwini woti n'kugulitsa. Lamulo latsopano laikanso zoletsa pa kupereka malo olembetsedwa kwa anthu akunja kwa banja. Choncho pepala losainirana pakhonde la amfumu ndi umboni woti ndalama zinaperekedwa, koma si chiphaso cha umwini.

Chachinayi, kuyambira mu 2022 lamulo likuletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Amene tili ndi apongozi kapena abwenzi ochokera kunja tiwafotokozere zimenezi, ndipo tisalole kuti dzina lathu ligwiritsidwe ntchito pozembera lamulo.

Chachisanu, mikangano ya malo a makolo ili ndi njira yake: bwalo la za malo la kwa mfumu yaikulu, kenako la paboma, kenako bungwe lalikulu la dziko lonse. Zikwanje ndi matemberero sizipindulira aliyense.

5. TISANAPEREKE NDALAMA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nazi zoyenera kuchita, mwa ndondomeko yake.

(a) Tiyambire ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa ku Mulanje boma. Tifunse ngati malowo ndi a makolo, a boma kapena a lizi, komanso njira yovomerezeka yopezera malo a mtundu umenewo lero.

(b) Tifunse mbiri ya mundawo: anaupatsidwa ndani, liti, ndipo ana a munthu ameneyo ali kuti. Tipemphe kukumana ndi amayi a m'mbumbamo maso ndi maso. Amene ali kutali tilankhule nawo pa foni anthu ena akumva. Wogulitsa akamakana kuti tionane ndi achemwali ake kapena mkazi wake, yankho talipeza kale.

(c) Tikaonekere kwa nyakwawa ndi kwa gulupu, ndipo kumene komiti ya malo inakhazikitsidwa, nkhani yathu idzere kumeneko.

(d) Tiyende malire onse masana, pamodzi ndi eni minda yoyandikana nayo mbali zonse. Tiyeze tokha. Ekala imodzi ndi pafupifupi mayadi 70 mulitali ndi 70 mulifupi, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Tikagwirizana, tidzale mitengo m'malire kapena tiitane oyeza malo adzaike mabikoni.

(e) Tifunse kuti madzi anafika pati pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Freddy anaononga kwambiri Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Malo otchipa a m'mbali mwa Thuchila kapena timitsinje tina ali ndi chifukwa chotchipira. Tifunse amayi otunga madzi pamjigo, chifukwa iwo alibe phindu pa malondawo.

(f) Tione za ukhondo. Mjigo uli patali bwanji? Kodi pali poti n'kukumba chimbudzi pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, cha kumunsi kwake? Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pomwe pamadikha madzi ndi pomwe pamaswana udzudzu. Ife a zaka zathuzi tiganizirenso za mankhwala a BP ndi shuga: tizikawatenga kuti, ndipo usiku tikadwala tidzayenda pa chiyani?

(g) Ndalama tisapereke kwa dobadoba, ndiponso tisapereke yonse tsiku limodzi. Chilichonse chilembedwe: tsiku, kukula kwa malo, mayina a oyandikana nawo, mtengo, ndi manambala a zitupa za unzika za onse osaina. Mboni zikhale za mbali zonse ziwiri. Mapepalawo tiwajambulitse, ena akasungidwe kwa mwana kapena m'bale wokhulupirika.

(h) Ngati tikupeza malowo ngati banja, mayina onse awiri alembedwe, ndipo tilembe wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Komabe ndi chapafupi kuteteza chimene chinalembedwa.

6. KWA IFE AMENE TILI NDI MINDA

Amayi akumudzi, ndalama ya munda imaoneka yambiri tsiku lolandira, koma pofika Januwale imakhala itatha, ndipo ife timapezeka tikugwira ganyu m'munda womwe unali wathu. Munda umene tinalandira kwa amayi athu tikusungira ana athu aakazi ndi zidzukulu. Vuto likatipana, tiyambe taganizira njira zina: kubwereketsa mbali ya munda kwa chaka chimodzi kapena ziwiri polemberana pamaso pa amfumu, kukongola ku banki m'khonde, kapena kuitana mbumba yonse kuti isonkhe. Mutu umodzi susenza denga. Tipewe kupinyolitsa munda kwa a katapila, chifukwa minda yambiri imapitira njira imeneyi mwakachetechete.

Tisasaine kapena kudinda chala papepala limene sitinawerenge. Amene maso avuta kapena sitinapite patali ndi sukulu, titenge mnzathu wa m'gulu akatiwerengere. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

7. KUKHALA PAKATI PA ENI MUDZI

Mapepala akakhala bwino, ntchito ina imatsala. Pamudzi munthu amadziwika ndi maliro. Amene sapita kusiwa, sasonkha ufa ndi nkhuni, sapereka moni panjira, adzaona yekha tsiku limene zidzamugwere. Tikafika, tikaonekere kwa amfumu mwaulemu, tifunse malamulo a pamudzi, za chitukuko, za msonkhamsonkha wa mjigo, ngakhale za kumanda kumene obwera amaikidwa. Tisatseke ndi mpanda njira imene anthu akhala akudzera popita kumadzi kapena kusukulu. Aganyu tiwalipire pa nthawi yake ndi mtengo umene tinapangana. Mbuzi ndi nkhuku zathu zisadye mbewu za anzathu.

Tiphunzirenso kwa eni nthaka. Iwo ndi amene akudziwa kuphatikiza chimanga ndi nandolo pa kamunda kakang'ono, nthawi yodzala mbatata ndi chinangwa, ndi kaphikidwe ka kalongonda, amene amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo asanadyedwe. Mayi wobwera amene amafunsa amapeza achemwali msanga, ndipo achemwali amenewa ndi amene adzamuikire umboni tsiku limene wina adzasunthe malire.

MAFUNSO OTI TIKAMBIRANE

1. Munda umene mukulima unachokera kwa yani? Ndani ayenera kufunsidwa usanaperekedwe kwa munthu wina?
2. Kodi m'dera lanu muli komiti ya malo? Amayi amene ali m'komitiyo mukuwadziwa?
3. Mnzathu wa m'gulu akafuna kugulitsa munda chifukwa cha matenda kapena fizi, gulu lingamuthandize bwanji asanafike pamenepo?
4. Ndi makhalidwe ati a obwera amene amakhumudwitsa eni mudzi, ndipo ndi ati a eni mudzi amene amakhumudwitsa obwera?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Mayi aliyense akafufuze mapepala a malo amene akukhalapo kapena kulimapo, aone dzina limene linalembedwapo. Amene alibe pepala akhale pansi ndi abale ake, alembe mbiri ya mundawo ndi malire ake akuluakulu akadali moyo. Gulu lililonse lisankhe amayi awiri oti akafunse kwa gulupu za komiti ya malo, ndipo adzatiuze zimene apeza pa msonkhano wotsatira.